Tsitsi la Paliwombo mu Saluni ya Ba Enelesi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mutu wa mng'ono wanga. Nditamaliza sukulu ndinkangokhala panyumba ku Mtendere, mumzinda wa Lusaka, kutunga madzi, kuphika ndi kuluka ana a pamzere wathu kwaulere. Lamlungu lina mng'ono wanga Tadala anapita kutchalitchi ndi mizere imene ndinamuluka dzulo lake. Potuluka, mayi wina wamtali anamugwira paphewa n'kumuzunguliza ngati akusankha kabichi pamsika.

"Iwe mwana, anakuluka ni ndani?"

"Ni ba sisita banga, ba Tisa."

"Ukabauze babwele ku saluni kwanga mailo. Ukambe ati ni Ba Enelesi."

M'mawa mwake ndinapita. Saluniyo inali chipinda chimodzi chomatidwa kumaso kwa nyumba yawo, pafupi ndi msewu wopita ku Kalingalinga. Munali madulaya awiri oumitsira tsitsi, beseni losambitsira mutu, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi shelefu yodzaza mabotolo ang'onoang'ono a mafuta akuda. Ba Enelesi sanandifunse za satifiketi. Anangoti, "Mizere yako ni yokhota pang'ono, iyo tizakonza. Chamene nakonda ni chakuti sukoka. Mwana uja anali kuseka na mutu watsopano. Benangu bakaluka mwana, sagona."

Miyezi yoyamba sindinaluke munthu. Ndinkatunga madzi m'zigubu mipopi ikauma, kuwatenthetsa pambaula magetsi akapita, kuchapa mataulo, ndi kuviika zipeso ndi marola opiringizira tsitsi m'madzi otentha othira mankhwala ophera tizilombo. Kusesa kunali ndi lamulo lake. Tsitsi la munthu sulisesa usanamufunse, chifukwa ambiri amafuna kuti uwakulungire m'kapulasitiki apite nalo kwawo. Mantha akuti wina angachitire nalo zamankhwala ndi aakulu, ndipo saluni imene yatchulidwa mbiri yotero siichedwa kutseka.

Chimene chinatchukitsa Ba Enelesi sichinali kuluka ayi, koma mafuta aja. Njira yake anaiphunzira kwa mayi awo, amene anabwera nayo kuchokera ku Malawi masiku amene bambo awo anadzafuna ntchito kuno. Lachitatu, tsiku lopanda anthu ambiri, tinkakazinga nsatsi pachiwaya, kuzisinja mumtondo, n'kuziwiritsa m'madzi mpaka mafuta atayandama. Tikawawengula tinkawasakaniza ndi mafuta a kokonati, n'kuponyamo masamba ouma a rozimeri ndi a chammwamba, pamoto wozizira kuti asapserere. Kenako kusefa pansalu yoyera. Zotsalira za nsatsi ndinkakazikwirira kuseri, chifukwa ndi poizoni kwa nkhuku ndi kwa ana. Alovera tinkadula wa kuseri kwa nyumba, n'kupala madzi ake oterera kupaka amene mutu ukuwayabwa. Ena ankabwera ndi madzi a anyezi m'botolo kuti tiwapake, ndipo Ba Enelesi ankavomera masiku ena onse kupatula Loweruka, chifukwa cha fungo.

Mafutawo ankagwira ntchito, ndinaona ndi maso anga. Tsitsi louma lothothoka chifukwa cha rilakisa, mankhwala owongolera tsitsi aja, linkafewa n'kusiya kuduka. Atsikana amene m'mbali mwa chipumi munali mutayamba kupita chifukwa cha maluko othina ndi guluu wa wigi, akasiya kukoka n'kumasisita mafutawo, ambiri tsitsi linkabwerera. Choncho ine ndinkakhulupirira kuti palibe mutu umene ungawakane. Munthu akafunsa ngati amagwira ntchito ndinkayankha ndisanamuone n'komwe: "Yasebenza, tengani."

Ba Enelesi sankatero. Asanagulitse botolo ankafuna kuona mutu. Ankakhazika munthu pafupi ndi khomo pamene pali kuwala, n'kutenga chipeso cha mchira, kugawa tsitsi pakati kuyambira pachipumi mpaka pankhongo, kenako kugawa mzere wina kumbuyo kuti ayerekeze. Ankayang'ana ngati pali zilonda, mfundu, kapena khungu losalala ngati chipsera. Ankafunsanso mafunso amene ine ndinkaona ngati a kuchipatala.

Tsiku lina m'mawa, saluni ili phee, kunabwera Ba Miriamu. Mtendere yense ankawadziwa chifukwa ndiwo ankatsogolera nyimbo kutchalitchi china chachikulu cha Pentekoste, ndipo mawu awo ankamveka mpaka pamsewu. Anali atapitirira zaka makumi atatu, ndipo nkhani inali m'kamwa mwa aliyense inali yakuti tsopano apeza mwamuna, malowolo aperekedwa, kichini pate, phwando la amayi lolangiza mkwatibwi, ikukonzedwa. Anapempha kuti titseke chitseko. Atakhala pampando anavula wigi pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Kutsogolo tsitsi linali bwinobwino, m'mbali chimodzimodzi. Koma Ba Enelesi atagawa pakati, mzere umene umayenera kukhala woonda ngati ulusi unali wotakata ngati chala, ndipo unkakulirakulira chopita paliwombo. Tsitsi lotsala pamenepo linali lopyapyala, lofewa ngati la khanda, khungu likuonekera pansi pake. Panalibe chilonda ngakhale chimodzi.

"Chinayamba liti?"

"Ni kale. Koma chaka chino chapitilila. Mafuta yanu nakhala nituma muzanga kunigulila, nipaka siku na siku."

"Munadwalako? Kumwezi mumataya magazi maningi?"

Anagwedeza mutu kuvomera funso lachiwirilo, la magazi ochuluka.

"Nanga ba mami banu, mutu wabo uli bwanji?"

Ba Miriamu anati, "Sininabaonepo bopanda duku."

Kenako anatsegula chikwama. "Nipaseniko mabotolo yabili, mwina nenze kupaka yang'ono."

Ine ndinali nditatambasula kale dzanja kushelefu. Ba Enelesi anati, "Tisa, siya." Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi mayiyo.

"Ba Miriamu, mafuta yanga yafewetsa tsitsi, yaletsa kuduka, yachotsa kuyabwa. Koma ichi chanu chili mu mizu, chimayenda mu banja. Nikakugulisani nizankhala nakunamizani. Yendani ku chipatala chachikulu mu tauni, mukafunse dokotala wa khungu. Osachedwa, chifukwa muzu ukagona nthawi itali suuka."

Ba Miriamu anatuluka osatsanzika. Ndinaganiza kuti sitidzawaonanso, koma patapita masabata angapo anabwera ndi kabotolo koyera kokhala ndi kodonthezera. Dokotala anawapima magazi, n'kuyang'ananso chithokomiro. Anapeza kuti magazi ndi ochepa, choncho anawapatsa mapiritsi owonjezera magazi, ndipo za paliwombopo anawalembera mankhwala opaka otchedwa minokisidilo. Anawafunsanso ngati ali ndi pakati kapena akuyamwitsa, n'kuwauza kuti akadzafuna mwana adzabwerere kaye, chifukwa mankhwalawo sayenderana ndi mimba.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kapakidwe kake. Mutu ukhale wouma. Ugawe timizere, udontheze pakhungu osati patsitsi, usisite ndi nsonga ya chala, usambe m'manja. Asayenderere kumaso, chifukwa pamene afika pamatha kumera ubweya. Ba Enelesi anawonjezera zawo: rilakisa ayi, guluu ayi, wigi izivulidwa akafika kunyumba. Mafuta a nsatsi anawalola, koma kunsonga kwa tsitsi kokha, ndiponso osati nthawi imodzi ndi mankhwala, kuopa kuti angatseke khungu. Botolo limenelo anawapatsa kwaulere.

Tsiku lovuta linafika Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Saluni inali yodzaza, magetsi atapita chakum'mawa. Amayi amene tinawaika marola anali pabenchi panja kuumitsa mitu padzuwa, ine ndikupepeza mbaula kuti madzi osambitsira mutu wa kasitomala wina, Ba Mutinta, atenthe. Ndinangomva phokoso kuchokera kumsewu. Mayi wina wonenepa, atamanga chitenje cholimba m'chiuno, ankabwera akukoka Ba Miriamu padzanja ngati mwana wothawa sukulu. Anali azakhali awo, Ba Nyirenda, amene ankayendetsa zonse za kichini pate.

Analowa osaodira n'kuponya kapulasitiki patebulo la zipeso. Kanamasuka, ndipo munali tsitsi lodzaza dzanja.

"Ni ndani Enelesi pano? Ndimwe? Onani vamene mwachita! Mwana anali kupaka mafuta bwinobwino, imwe mwamukaniza, mwamutuma ku ma kemiko ya bazungu. Manje tsitsi ichoka monga nkhuku yothila madzi yakupya! Kichini pate ili pafupi. Mufuna chikwati chife? Kapena tsitsi yake muli nayo nchito?"

Mawu omalizawo ndiwo anaziziritsa chipinda. Mayi amene ankalukidwa anagwira mutu wake. A pabenchi anadzaunjikana pakhomo, marola ali m'mutu, ndipo anyamata awiri a pashopu yoyandikana anasuzumira pawindo. Ndinkadziwa kuti mawu amenewo akatuluka pakhomopo, pofika madzulo akhala atafika ku Kalingalinga.

Ba Enelesi anaika chipeso pansi. "Ba anti, nkhalani pansi tikambe."

"Sinizankhala! Bantu baone!"

Ba Nyirenda anatembenukira Ba Miriamu, amene anali atamanga duku, misozi ikuyenderera, n'kugwira mfundo ya dukulo kuti alivule. Sindinaonepo Ba Enelesi akuthamanga, koma tsiku limenelo anadumpha chigubu n'kugwira dzanja la mayiyo lili m'mwamba.

"Mutu wa mwana uyu simuzauvula pano. Ngati bantu bafuna kuona mutu, baone wanga."

Anasiya dzanjalo, n'kulowetsa zala pansi pa wigi yawo, n'kuichotsa.

Ndinali nditagwira nawo ntchito nthawi yonseyo, kudya nawo mbale imodzi, koma sindinadziwe. Paliwombo pawo panali poyera kuposa pa Ba Miriamu, titsitsi totuwa tili apo ndi apo, kutsogolo kokha ndiko kunatsala mzere. Anaweramitsa mutu, n'kuutembenuzira kukhomo, kenako kuwindo, kuti aliyense aone bwino. Anyamata aja anachoka okha.

"Mafuta aya napanga ndine," anatero, mawu ali pansipansi. "Napaka pamutu apa zaka na zaka. Anyezi napaka, alovera napaka. Nenze kuchita manyazi kuyenda ku chipatala, ati bazakamba chani, mwine wa mafuta. Pamene ninayenda, dokotala ananiuza ati mizu yambiri yagona kale. Mankhwala yanasunga chabe yamene yanasala. Sinifuna mwana uyu afike apa."

Ba Nyirenda analoza kapulasitiki kaja, koma mawu anali atatsika. "Nanga iyi?"

"Na ine inachoka so poyamba, nenze kulila. Bananiuza ati yakale ichoka kuti yatsopano imele. Koma ine sindine dokotala, ba anti, ningalakwise. Pa Mande nizayenda na imwe, mukazimvelele mweka. Ngati nalakwa, muzabwela kukamba pano pamene."

Anatenga kapulasitikiko, n'kukamanga bwinobwino, n'kukapereka m'manja mwa Ba Miriamu. Azakhali aja anatuluka, mwana wa mchimwene wawo akutsatira.

Chimene ndimachikumbukira kwambiri ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Ndinatola wigi ija n'kuwapatsa. Anaiyang'ana, n'kuiveka pamutu wa chidole chimene tinkaonetserapo masitayelo.

"Kwapya lelo," anatero, akudzikupiza ndi dzanja. "Tisa, madzi ya Ba Mutinta yafunda? Tiye, nchito ikalibe kusila."

Anagwira ntchito tsiku lonselo mutu uli pamtunda, chitseko chili chotsegula, anthu akudutsa pamsewu. Mayi mmodzi ananyamuka mutu uli theka n'kunena kuti akamalizitsa kwina. Ba Enelesi anamuthandiza kumanga duku n'kumuperekeza mpaka pakhomo. Enawo anatsala. Kenako mayi wina wachikulire amene anali pabeseni anati, "Ba Enelesi, mukasiliza munioneko na ine pakati apa."

Lolemba anandisiyira makiyi, tsiku langa loyamba kukhala ndekha mu saluni, n'kukwera minibasi ndi awiriwo. Anabwera masana atatopa ndi mzere wa kuchipatala. Dokotala anali atanena kuti kuthothoka kwa masabata oyamba kumachitika ndithu kwa ena ndipo kumasiya, kuti anali atawachenjeza Ba Miriamu ulendo woyamba koma mwina mantha anawatseka makutu. Anati apitirize, zotsatira azidikire miyezi osati masabata, ndipo abwerere msanga ngati khungu litupa kapena mtima uyamba kugunda mothamanga. Ba Nyirenda anafunsa ngati mafuta achikuda ndi oipa. Dokotalayo anati ayi, ngati sakuwotcha khungu apake, amasamala tsitsi limene lilipo, koma asaike chiyembekezo chonse pa iwo. Ba Enelesi anandiuza zimenezi akuseka. "Mwamuna wa nzelu uja. Sananyoze nsatsi zanga."

Sindinganame kuti zonse zinayenda bwino. Nkhani inafala, ndipo panali ena amene ankati mafuta a mayi wadazi angathandize ndani. Mabotolo anakhalitsa pashelefu, Lachitatu lina sitinakazinge nsatsi n'komwe. Koma kunayamba kubwera anthu a mtundu wina, m'mawa pakati pa sabata, mmodzimmodzi, ena kuchokera kutali ngati ku Matero ndi ku George. Onse ankayamba ndi pempho lofanana, lakuti titseke chitseko. Ena ankachoka ndi botolo la mafuta ndi lamulo loti asiye maluko othina. Ena ankachoka chimanjamanja, atauzidwa khomo loti akagogode kuchipatala.

Pa kichini pate tinawasokera Ba Miriamu wigi pakachipewa kopepuka, komangira ndi lamba kumbuyo, popanda guluu. Tikuiyesa anatiuza kuti anali atamuonetsa mwamuna wawo mutu. Ndinafunsa kuti anati chiyani.

"Anavula kapusi yake, ati, nanga ine apa pali chani? Tizagwilizana."

Miyezi itapitapo, Ba Enelesi anandiitana kuti ndigawe ndekha mutu wa Ba Miriamu pafupi ndi khomo. M'mbali mwa mzere uja munali titsitsi tatifupi toimirira ngati udzu wa mvula yoyamba. Mzerewo unali utachepa, ngakhale sunabwerere mmene unalili ali mtsikana. Ankatha kupesa tsitsi lawo n'kuyenda opanda wigi masiku ena, ndipo ankayimba kutchalitchi choncho. Pamene anafuna mwana, dokotala anawasiyitsa mankhwala, ndipo mwana atabadwa tsitsi lina linapitanso. Sanabwere akulira ulendo umenewo. Ankadziwa kale kuti mankhwalawo amagwira pamene ukuwapaka, ndipo anasankha okha. Atamaliza kuyamwitsa anakayambiranso.

Ba Nyirenda sanapepese pakamwa. Koma m'mawa wina wa Lachiwiri, ndikukolopa, ndinawaona ataima pakhomo ndi nthochi m'mbale. Anapereka moni, anafunsa za ana, anadandaula za magetsi. Kenako anayang'ana kumsewu n'kunena kuti, "Mwana iwe, valako chitseko." Ku Lusaka kuvala chitseko ndiko kutseka. Nditatseka, anakhala pampando n'kumasula duku lawo. Ba Enelesi sananene chilichonse cha Loweruka lija. Anangotenga chipeso cha mchira n'kuti, "Sendelani kuno ku kuwala, ba anti."

Lero ndili ndi saluni yanga ku Chawama, ndipo mafuta a nsatsi ndimapanga ndekha, mwa njira yomwe ija. Atsikana amene ndimawaphunzitsa amandifunsa kuti chabwino n'chiti, zitsamba kapena mankhwala a kuchipatala. Ndimawauza kuti funsolo silingayankhidwe munthu asanavule duku. Pali mitu imene imangofuna mafuta ndi manja osakoka, ndipo pamenepo sindichita manyazi ndi botolo langa. Pali ina imene mafuta amangoinyezimiritsa pamene mizu ikugona, ndipo mwezi uliwonse umene ndingamusunge mayi woteroyo pampando wanga ndi mwezi umene ndamubera.

Ba Enelesi anakalamba tsopano, manja anayamba kuwawa, saluni anasiyira mwana wawo. Ndikapita kukawaona sandifunsa kuti ndagulitsa mabotolo angati. Amandifunsa kuti, "Mwezi uno wakaniza bangati?"